Mmene mungayendere dziko la Germany musanayambe maphunziro anu

M'mayunivesite ambiri a ku Germany, chigawo cha maphunziro cha nyengo yozizira chimayamba pa 1 Okutobala, koma kulowa m'kalasi kwenikweni kumayamba chapakati pa mweziwo. Wophunzira amene wafika mu Seputembala amakhala ndi masabata angapo opanda ntchito ya sukulu, ndipo ndi nthawi yabwino yoti aone dzikolo kusanayambe kuzizira kwambiri. Komabe ulendowu uyenera kukhala wachiwiri, pambuyo poti mwakhazikika kaye mumzinda umene mudzaphunziremo, chifukwa amene amayamba ndi kuyendayenda atanyamula masutikesi awiri amatopa, amawononga ndalama, ndipo amachedwa kulongosola mapepala ofunika.

Musanagule tikiti ya ndege, yang'anani tsiku limene viza yanu iyamba kugwira ntchito, popeza simungalowe m'dzikomo tsikulo lisanakwane. Ngati mukufuna kufika msanga, nenani zimenezi pamene mukupempha viza, osati mutailandira kale. Funsaninso za inshuwalansi ya zaumoyo. Inshuwalansi imene ophunzira ambiri amalowa nthawi zambiri imayamba pamodzi ndi chigawo cha maphunziro, choncho masabata a Seputembala amafuna inshuwalansi ina yapaulendo. Nkhani imeneyi si yoinyalanyaza, chifukwa kugonekedwa m'chipatala cha kumeneko popanda inshuwalansi kungathe kumaliza ndalama zimene munasungira miyezi ingapo. Chimodzimodzinso ndalama za mu akaunti yotsekedwa, imene amaitcha Sperrkonto (akaunti imene mumaikamo ndalama popempha viza posonyeza kuti mudzatha kudzisamalira), sizituluka tsiku limene mwafika. Zimayamba kutuluka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi mukatsegula akaunti ina ya tsiku ndi tsiku, kotero ndalama za ulendowu zichokere kwina, ndipo zina zikhale m'thumba chifukwa malo ena ang'onoang'ono odyera salandira khadi.

Ochokera ku Lilongwe ambiri amadzera ku Addis Ababa n'kukatera ku Frankfurt, ndipo pabwalo la ndege lomwelo pali siteshoni ya sitima. Kuchokera pamenepo lunjikani kumzinda wanu. Lamulo limafuna kuti munthu akalembetse kumene akukhala pasanathe masiku 14 atalowa m'nyumba. Kulembetsaku kumatchedwa Anmeldung, ndipo kumafuna kalata ya mwini nyumba yotsimikiza kuti mukukhaladi pamenepo. Pepala limene mudzalandire limathandiza pa zambiri, monga kubanki ndi ku ofesi yoona za anthu akunja, ndipo m'mizinda ikuluikulu tsiku lokalembetsa limavuta kupeza, choncho lipempheni mwamsanga ndipo ulendo wanu muukonze motsatira tsikulo. Ngati chipinda cha kuhostelo ya yunivesite chidzapezeka pa 1 Okutobala, funsani ku ofesi yothandiza ophunzira akunja za malo osungirako katundu ndi ogona mongoyembekezera.

Chimene chimapangitsa ulendowu kukhala wotheka kwa munthu wa ndalama zochepa ndi tikiti ya mwezi wonse yotchedwa Deutschlandticket, imene inayamba mu Meyi 2023 pa mtengo wa mayuro 49 ndipo yakhala ikukwera kuchokera nthawi imeneyo. Ndi tikiti imeneyi mungakwere basi za m'mizinda, sitima za pansi pa nthaka ndiponso sitima za m'zigawo zolembedwa RE kapena RB m'dziko lonse, koma simungakwere sitima zothamanga za ICE, ndipo za IC ndi EC nazonso kawirikawiri siziloledwa. Pali zinthu ziwiri zimene alendo amakodwa nazo. Choyamba, tikitiyi imatsatira mwezi wa pakalendala, kutanthauza kuti mukaigula pa 20 Seputembala idzatha pa 30 Seputembala. Chachiwiri, ndi mgwirizano wopitirira umene umadula ndalama mwezi uliwonse mpaka mutauletsa, ndipo kawirikawiri muyenera kuuletsa pofika pa 10 kuti mwezi wotsatira musalipire. Kukwera popanda tikiti yoyenera kumabweretsa chindapusa cha mayuro 60, ndipo kunena kuti ndinu mlendo sikukupulumutsani.

Sitima za m'zigawo zimachedwa kufika poyerekeza ndi ICE, ndipo mumasintha kangapo, koma kwa wophunzira watsopano kuchedwako n'kopindulitsa. Mumazolowera kuwerenga zikwangwani, kumva zolengeza m'Chijeremani, ndiponso kudziwa chochita pamene sitima yachedwa kapena yasintha pulatifomu, zimene zimachitika kawirikawiri kuposa mmene mbiri ya dzikoli imanenera. Ikani pafoni pulogalamu ya kampani ya sitima yotchedwa DB Navigator ndipo musankhe kuti izikuonetsani sitima za m'zigawo zokha.

Musayese kuona dziko lonse. Njira imodzi yabwino ndi kutsatira mtsinje wa Rhine kuchokera ku Mainz kupita ku Koblenz, kumene njanji imadutsa m'mphepete mwa madzi pakati pa minda ya mpesa ndi nyumba zakale zamalinga, dera limene bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo otetezedwa mu 2002. Mukapitirira mudzafika ku Köln, kumene tchalitchi chachikulu chimene anayamba kumanga mu 1248 n'kumaliza mu 1880 chili pafupi kwambiri ndi khomo la siteshoni. Kumwera kwa Frankfurt kuli Heidelberg, kumene kuli yunivesite yakale kwambiri m'dzikomo, yokhazikitsidwa mu 1386. Berlin imafuna masiku akeake. Kumeneko mudzaona zotsalira za khoma limene linagawa mzindawo kuyambira 1961 mpaka 1989, ndipo kwa munthu wa ku Africa ndi mzindanso umene unachititsa msonkhano wa 1884 mpaka 1885, pamene mayiko a ku Ulaya anagwirizana za malamulo oti azitsatira polanda madera a Africa. Wochokera ku Blantyre angakonde kuima ku Hannover, mzinda umene uli paubale ndi Blantyre kuyambira 1968. Munich muisiye kaye, chifukwa kumapeto kwa Seputembala kumakhala chikondwerero cha Oktoberfest ndipo malo ogona amakwera mtengo modetsa nkhawa.

Viza ya maphunziro imakulolaninso kuyenda m'mayiko ena a Schengen, omwe ndi mayiko a ku Ulaya amene anagwirizana kuti anthu azidutsa malire awo momasuka, kwa masiku 90 pa masiku 180 alionse, kotero mungathe kuwolokera ku Strasbourg m'dziko la France kapena ku Salzburg m'dziko la Austria, koma nyamulani pasipoti yeniyeni chifukwa apolisi amayendera sitima za m'malire.

Pa malo ogona, mahostelo a achinyamata otchedwa Jugendherberge ndi aukhondo ndipo kawirikawiri amapereka chakudya cha m'mawa, ngakhale kuti amafuna khadi la umembala. Nyamulani chikwama chimodzi chapamsana, jekete yosalowa madzi, ndi kachipangizo kosinthira pulagi, popeza mapulagi a mano atatu a kwathu salowa m'masoketi a mabowo awiri a kumeneko. Gulani chakudya Loweruka, chifukwa Lamlungu masitolo ambiri amakhala otseka kupatula ena a m'masiteshoni akuluakulu, ndipo musataye mabotolo a zakumwa, chifukwa ambiri amabweza masenti 25 mukawapereka kusitolo. Poyenda pansi samalani ndi njira za njinga, ndipo kumbukirani kuti galimoto zimayenda kumanja. Nambala ya thandizo ladzidzidzi ndi 112. Kuimba kunyumba sikuvuta mu Seputembala, popeza nthawi ya ku Germany imafanana ndi ya ku Malawi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala, pamene iwo amabweza mawotchi ndi ola limodzi.

Bwererani kumzinda wanu kusanayambe sabata yolandira ophunzira atsopano, imene kawirikawiri imachitika kumayambiriro kwa Okutobala, chifukwa ndi pamene amafotokoza za kulembetsa maphunziro ndi mayeso. Funsaninso msanga ngati ndalama zimene munalipira za chigawo cha maphunziro zikuphatikiza tikiti yoyendera, popeza mayunivesite ambiri tsopano amapereka Deutschlandticket yotchipa kwa ophunzira awo. Ngati zili choncho, letsani tikiti imene munagula nokha pofika pa 10 Seputembala, kapena funsani wogulitsa za tsiku loletsera ngati munaigula mochedwa, kuti musalipire kawiri mu Okutobala.