Muli ndi flat ku Joni? Umu ndi momwe mungafufuzire ngati ndalama zodzakonzera nyumbayo zikusungidwa

Mmalawi akafuna kugula flat kapena townhouse ya mu complex ku South Africa, funso loyamba kwa agent limakhala lakuti levy, ndalama imene mwini flat aliyense amasonkha yoyendetsera nyumbayo, ndi zingati pamwezi. Akamva kuti ndi yotsika, mtima umakhala pansi. Komatu levy yotsika kwambiri kawirikawiri imasonyeza kuti palibe amene akusunga ndalama zodzakonzera denga, mapaipi kapena lift. Zinthuzi zikadzatha, bilu yake imabwera kamodzin'kamodzi, ndipo olipira ndi eni ake a ma flat, inu nomwe.

Nyumba zotere zimatchedwa sectional title. Chanu chenicheni ndi m'kati mwa flat, kulekezera pakatikati pa khoma. Denga, makoma akunja, masitepe, mpanda ndi poimika galimoto ndi za eni ake onse pamodzi. Mukangogula, mwakhala kale membala wa bungwe la eni akewo, lotchedwa body corporate, mufune musafune. Lamulo loyendetsera mabungwewa ndi Sectional Titles Schemes Management Act, nambala 8 ya 2011, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 7 Okutobala 2016. Kuchokera tsikulo, kusunga ndalama zam'tsogolo si nkhani ya kufuna kwa ma trustee, anthu osankhidwa kuyendetsa bungweli, ayi, ndi lamulo.

Yambani ndi kupempha mapepala

Lembani kalata kapena imelo kwa ma trustee kapena managing agent, yemwe amalembedwa ntchito yoyendetsa nyumbayo, mupemphe zinthu zinayi: malipoti a zachuma a chaka chatha omwe auditor anawaunika, bajeti ya chaka chino, maminitsi a msonkhano wapachaka wa AGM, ndi pulani ya zaka khumi yokonzera nyumba. Membala ali ndi ufulu woona mapepalawa akapempha molemba. Ngati simunagule, ufuluwo ndi wa wogulitsa, choncho muuzeni akupatseni yekha kapena akulembereni chilolezo. Chitani izi musanasaine offer to purchase, pepala la mgwirizano wogula flat. Wogulitsa akamazengereza pa pempho laling'ono ngati limeneli, dziwani kuti pali chimene sakufuna muone.

Onani ngati matumba alidi awiri

Lamulo likufuna matumba awiri a ndalama. Loyamba ndi administrative fund, la zolipira za tsiku ndi tsiku monga inshulansi, alonda, oyeretsa ndi tokonzakonza tating'ono. Lachiwiri ndi reserve fund, thumba losungira ntchito zikuluzikulu. Lililonse likhale ndi mabuku ake ndiponso akaunti yakeyake kubanki. Ngati reserve ikungooneka pa pepala koma ndalama zonse zili mu akaunti imodzi, funsani statement ya kubanki.

Werengerani nokha

Apa mpamene pagona nkhani, ndipo kakuleta ya pafoni ndi yokwanira. Tengani ndalama zimene zinali m'thumba losungira pakutha pa chaka chachuma chapitacho, muziyerekeze ndi ndalama zonse zimene eni ake anayenera kusonkha ku administrative fund m'chaka chomwecho.

Zosungidwazo zikapanda kufika 25 peresenti, bajeti yatsopano iyenera kuika m'thumba losungira ndalama zosachepera 15 peresenti ya zosonkha za administrative fund za chaka chatsopanocho. Zikakhala pakati, kupitirira 25 peresenti koma zosafika 100 peresenti, zoikamo zisachepere ndalama zimene bajetiyo yakonza kugwiritsa ntchito pokonza malo a onse kuchokera ku administrative fund. Zikafika 100 peresenti kapena kuposerapo, lamulo silikakamizanso mlingo uliwonse.

Tiyerekeze complex imene chaka chatha inasonkha R1 200 000, ndipo m'thumba losungira munatsala R180 000. Gawo la 25 peresenti likanakhala R300 000, ndiye kuti sanafikepo. Ngati bajeti ya chaka chino ndi R1 300 000, ayenera kuika R195 000 kapena kuposa m'thumba losungira. Gawo lanu limatengera participation quota, imene m'nyumba zogona imawerengedwa potengera kukula kwa flat yanu poyerekeza ndi ma flat onse. Flat ya masikweya mita 60 pa nyumba ya masikweya mita 3 000 ili ndi 2 peresenti, kutanthauza R3 900 pachaka, kapena R325 pamwezi pamwamba pa levy ya masiku onse.

Ma trustee ena akafika pa 15 peresentiyo amasamba m'manja, amvekere lamulo takwaniritsa. Ine sindigwirizana nawo. Mlingowo ndi poyambira chabe. Nyumba ya nsanjika khumi yomangidwa kalekale, yokhala ndi ma lift awiri ndi mapaipi achitsulo, singadalire mlingo womwewo ndi complex ya ma townhouse atsopano. Chimene chimanena ndalama zofunikadi ndi pulani.

Werengani pulani ya zaka khumi

Lamulo nambala 22 la malamulo oyendetsera omwe boma linaika likuti body corporate ilembe pulani yosonyeza zinthu zikuluzikulu zimene zidzafunika kukonzedwa kapena kusinthidwa m'zaka khumi zikubwerazi. Zina mwa izo ndi mawaya a magetsi, mapaipi ndi ngalande za madzi amvula, ma lift, denga, penti, zotchinga kudontha, misewu ya m'kati ndi zachitetezo. Pa chinthu chilichonse payenera kulembedwa momwe chilili panopa, nthawi yodzachikonza, mtengo woyerekeza, ndi zaka zimene chidzakhale chikakonzedwa.

Kawerengedwe kake n'kosavuta: mtengo woyerekeza, kuchotsapo zimene zasonkhedwa kale, n'kugawa ndi zaka. Ngati kupenta nyumba yonse kudzadya R600 000, zosungidwa kale za ntchitoyo ndi R150 000, ndipo patsala zaka zisanu, pakufunika R90 000 chaka chilichonse pa penti yokhayo. Mukaphatikiza ndi denga ndi mapaipi, muona msanga ngati R195 000 ija ikukwanira kapena ndi yongotsekera pakamwa.

Musakhulupirire pepala lokha. Tengani pulaniyo m'manja muyende nayo. Kwerani nsanjika yomaliza muone ngati siling'i ili ndi mabanga achikasu a madzi. Tsikirani kumalo oimika magalimoto muyang'ane mapaipi odutsa pamwamba, ngati ali ndi dzimbiri m'molumikizira kapena omangidwa ndi timalabala. Penti yotupa pakhoma lakunja ndiye kuti madzi alowa kale. Pulani ikamati denga lili bwino koma pakhonde lapamwamba pali ndowa yokhalitsa, mwapeza funso lokafunsa ku msonkhano. Onaninso chaka chimene mitengoyo inalembedwa, chifukwa mtengo wa zaka zisanu zapitazo palibe kontilakita angaulandire lero. Geyser musayifunefune m'pulanimo, kuyisamalira ndi udindo wa mwini flat.

Pitani ku AGM

Msonkhanowu uyenera kuchitika pasanathe miyezi inayi chaka chachuma chitatha, ndipo muyenera kudziwitsidwa masiku osachepera 14 usanachitike. Pulani imayamba kugwira ntchito mamembala akaivomereza pa msonkhano, ndipo ma trustee ayenera kufotokoza pa AGM iliyonse pamene afika poitsatira. Ngati muli kumudzi kapena muli pa shifiti, sainirani munthu fomu ya proxy akakuimireni. Mukakhala chete, bajeti imadutsa ndi mavoti a anthu ochepa amene anapezekapo, ndipo ena mwa iwo amangofuna levy isakwere chifukwa akuganiza zogulitsa chaka chamawa.

Funsani za ndalama zimene zinatuluka m'thumba losungira. Zimaloledwa kutuluka motsatira pulani, kapena pa zadzidzidzi monga kupewa ngozi kapena kuonongeka kwakukulu, ndipo zikatero ma trustee ayenera kudziwitsa mamembala mwamsanga. Kutengamo ndalama kuti alipire alonda chifukwa ena sakulipira levy si ntchito ya thumbali.

Kwa amene mukugula, funsaninso ngati pali special levy, ndalama yapadera yosonkha pamwamba pa levy ya masiku onse, imene yavomerezedwa kapena ikukambidwa. Lamulo limaika ngongole ya special levy pa munthu amene anali mwini wake tsiku limene ma trustee anaivomereza, koma flat ikasintha dzina, wogulayo amayamba kulipira gawo lake kuyambira tsiku losinthalo. Ikavomerezedwa flat italowa kale m'dzina lanu, ndi yanu, ngakhale dengalo linayamba kudontha inu musanafike. Conveyancer, loya wosintha dzina la flat, akulembereni momveka m'mgwirizano kuti adzalipira ndani.

Akakana, dandaulani

Yambani ndi kulembera ma trustee, ndipo sungani makalata onse pamodzi ndi masiku ake. Zikakanika, pitani ku Community Schemes Ombud Service, imene ambiri amangoti CSOS, yokhazikitsidwa ndi lamulo nambala 9 la 2011. Amayamba ndi kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo zikalephereka nkhani imapita kwa adjudicator, woweruza wa bungweli, amene chigamulo chake chimakakamizidwa ngati cha khoti. Pamene mukudikira chigamulocho, musasiye kulipira levy pofuna kuwakhaulitsa, chifukwa ngongoleyo imabala chiwongoladzanja, ndipo popanda satifiketi yosonyeza kuti za levy zalongosoka flat singasinthidwe dzina mukadzafuna kugulitsa.