Kuphunzitsa mwana wosamva kuponya mpira wa kiriketi

Amene anaonera filimu ya ku India ya Iqbal, yomwe inatuluka mu 2005, amakumbukira mnyamata wa kumudzi wosamva ndi wosalankhula amene ankayeserera kuponya mpira pakati pa njati zoweta. Ndi nthano, komabe pamfundo imodzi sinanamize: kiriketi imamuyanja mwana wosamva, chifukwa woyimbira amagamula ndi manja. Akakweza chala chimodzi ndiye kuti womenya watuluka. Akatambasula manja onse m'mbali, mpira wadutsa patali. Akatambasula limodzi, woponya walakwitsa. Akakweza onse awiri, ndi zigoli 6. Zizindikirozi muphunzitseni tsiku loyamba, asanagwire n'komwe mpira.

Zida sizivuta. Pezani malo osalala pabwalo la sukulu, muyeze mamita 20,12 pakati pa mawiketi awiri. Kwa ana osakwana zaka 11 chepetsani akhale pafupifupi 16. Wiketi ndi timitengo titatu totalika masentimita 71, tozikidwa kuti tonse pamodzi titenge masentimita 23 m'lifupi. Nsungwi zimakwanira. Kutsogolo kwa wiketi, pa mita 1,22, jambulani mzere ndi phulusa. Mpira wachikopa usiyeni kaye, umathyola zala. Tengani wa tenisi, muukulunge ndi tepi ya magetsi, kenako muzungulize kachingwe ka tepi ya mtundu wina pakati kuti kakhale ngati msoko. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize muziyamba m'mamawa chifukwa cha kutentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Ku Ulongwe ndi ku Tsangano madzulo ali bwino.

Imani patsogolo pa mwanayo, dzuwa likuwombeni inu kumaso kuti iye aone nkhope ndi manja anu. Chala cholozera ndi chapakati zikhale mbali ziwiri za msoko, chachikulu pansi. Ayambe ataima cham'mbali, dzanja lopanda mpira lili m'mwamba, ndipo loponyera lizungulire lowongoka, kudutsa pafupi ndi khutu. Akazolowera, awonjezere sitepe imodzi, kenako zitatu, kuthamanga kubwere pambuyo. Yalani thumba pansi, mamita ngati 5 kutsogolo kwa wiketi ya womenya, kuti adziwe pogwetsa mpira. Maso ake amuuza yekha ngati walasa.

Vuto lalikulu ndi chigongono. Mwana wa kwathu kuno anazolowera kugenda mango, choncho amapinda mkono n'kuuwongola poponya, zomwe malamulo amaletsa zikapitirira madigiri 15. Kumufotokozera ndi kutaya nthawi. Mumangireni katoni yopindidwa pachigongono kwa maova awiri, ova iliyonse mipira 6, kapena mujambuleni pafoni kuchokera m'mbali adzione yekha. Phazi lakutsogolo nalonso liyang'anitseni: gawo lina litsale kumbuyo kwa mzere waphulusa. Likadutsa lonse, muonetseni chidindo cha phazi lake pansi.

Ngozi yeniyeni imabwera anzake akumva akalowa. Iwo amafuula kuti "wanga!" kapena "bwera!", iye samva, n'kugundana mitu. Gawirani aliyense dera lake logwiramo mpira, ndipo pabwalo pasakhale mipira iwiri nthawi imodzi. Omenya awiri akamathamanga pakati pa mawiketi kuti apeze zigoli, gwirizanani zizindikiro ziwiri zokha: chikhatho chotambasula, ima, kukodola, bwera. Mpira ukapita kutsogolo amakodola ndi womenya, ukapita kumbuyo amakodola mnzake wa mbali inayo, chifukwa ndiye akuuona.

Ngati mwanayo amadziwa chinenero chamanja cha ku Mozambique, tsatirani chimenecho. Ngati ali ndi zizindikiro zapakhomo zokha, itanani m'bale wake amene amamvana naye, monga mlongo wa Iqbal amachitira mufilimu ija. Wovala makina othandiza kumva azolowere kuwavula posewera, chifukwa m'mipikisano ya osamva saloledwa pabwalo.