Momwe mungakonzere chithunzi ndi zidindo za zala pofunsira laisensi ya mfuti ku Florida

Ku America nkhani ya mfuti imayendera chigawo. Lamulo la ku Texas si la ku New York, ndipo la ku New York si la ku Florida. Pano tikukamba za Florida, komwe laisensi yoyenda ndi mfuti yaing'ono yobisa m'zovala imaperekedwa ndi Florida Department of Agriculture and Consumer Services. Eya, ndi dipatimenti ya zaulimi, osati apolisi. Kuyambira pa 1 July 2023 munthu woyenerera angathe kuyenda ndi mfuti yobisa m'chigawochi popanda laisensi, komabe ambiri akuifunsira chifukwa zigawo zina zimaivomereza munthu akakhala pa ulendo, komanso amene ali nayo sadikira masiku 3 pogula mfuti m'sitolo. Ikatuluka imagwira ntchito zaka 7.

Musanawononge ndalama, dziyeseni kaye. Muyenera kukhala ndi zaka 21 kapena kuposerapo, komanso kukhala nzika ya America kapena kukhala ndi green card, chiphaso chokulolani kukhazikika m'dzikomo. Abale athu amene ali kumeneko pa viza ya sukulu kapena yongocheza, nkhaniyi si yanu: lamulo la dziko lonse limakuletsani kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zowerengeka.

Kwa amene ayenerera, fomu yokha sivuta. Zimene zimabweza anthu m'mbuyo ndi ziwiri, chithunzi ndi zala, ndipo pa ziwirizi zala ndiye zimazunza kwambiri.

1. Sankhani kumene mukachitire

Pano tikamba njira zitatu. Mukhoza kupita ku ofesi ya dipatimentiyi ya m'dera lanu, kapena ku ofesi ya tax collector (wotolera misonkho wa m'deralo) imene inaloledwa kulandira mafomuwa, kapenanso kutumiza zonse pa positi ku Tallahassee, likulu la Florida. M'malo awiri oyambawo amakujambulani ndi kukudindani zala pomwepo, moti mumatuluka zonse zatheka. Laisensi yatsopano ndi $55, zala ndi $42, pamodzi $97, ndipo tax collector amaloledwa kuwonjezerapo mpaka $22 ya ntchito yake.

Langizo langa ndi lakuti ngati ofesi ili pafupi, lipirani $22 imeneyo osadandaula. Munthu amene amadinda zala za anthu tsiku ndi tsiku amaona pomwepo kuti chidindo sichinatuluke, n'kubwereza inu mudakali pampando. Funsiranitu tsiku lokaonana nawo, ndipo potuluka m'nyumba musaiwale chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu, satifiketi yosonyeza kuti munaphunzira kagwiritsidwe ntchito ka mfuti, ndi green card ngati simunakhale nzika.

2. Yambani kusamala manja kudakali sabata

Amene analembetsa chiphaso cha unzika kwathu ku Malawi mu 2017 akukumbukira agogo ena akubwezedwa kangapo pa kagalasi kaja chifukwa makina sakuona kanthu. Vuto lake ndi lomweli. Chimene makina amawerenga ndi timizere ta kunsonga kwa chala, ndipo timizereti timafufutika ndi ntchito. Amene amasamalira okalamba ndi odwala amasamba m'manja kosawerengeka pa tsiku n'kumapakanso sanitaiza. Oyeretsa m'nyumba ndi m'mahotela amagwira jiki ndi sopo waukali. Omanga amadyedwa ndi simenti. Ngakhale amene amagwira mapepala ndi makatoni tsiku lonse zala zimasalala. Ukalamba nawonso umachepetsa timizereti.

Ubwino wake, khungu limabwerera mukalipatsa mpata. Kwa masiku 5 kapena 7 musanapite, dzolani mafuta m'manja kangapo pa tsiku, makamaka pogona. Potsuka mbale, pochapa kapena pogwira mankhwala oyeretsera, valani magolovesi. Ngati n'kotheka, konzani zokadinda pambuyo pa masiku amene mwapuma ku ntchito, osati madzulo mutangoweruka zala zili mbuu.

Pa tsiku lenilenilo musapake mafuta ambiri, chifukwa amatseka timizere n'kusiya chidindo chothimbirira. Sambani ndi sopo, pukutani bwino, basi. Wodindayo akaona kuti manja auma kwambiri amakhala ndi chonyowetsera chake. Amene manja awo amachita thukuta anene msanga kuti azipukutidwa chala chilichonse chisanadindidwe. Ngati mwadzicheka ndi mpeni kapena mwapsa kunsonga kwa chala, sinthani tsiku kuti bala lipole kaye. Zikhadabo zazitali zoikirira zija zimalepheretsa chala kugona bwino pagalasi, choncho ndi bwino kuzifupikitsa.

3. Pamene akukudindani

Zidindo amatenga mitundu iwiri. Choyamba, chala chilichonse mwa zala 10 amachigubuduza kuchokera mbali imodzi ya chikhadabo kukafika mbali inayo. Kenaka amadinda zala zinayi za dzanja limodzi pamodzi osagubuduza, n'kumaliza ndi zala zazikulu. Zachiwirizi n'zimene zimatsimikiza kuti zoyamba zija sanazisokoneze malo.

Ntchito yanu apa ndi imodzi yokha: lekererani dzanja. Anthu ambiri amafuna kuthandiza wodindayo, n'kumakanikiza kapena kudzitembenuzira okha chala, ndiye chidindo chimafufutika. Imani momasuka, yang'anani kumbali, iye agwire ntchito yake.

Ngati mukutumiza pa positi, dziwani kuti zala sizidindidwa paliponse. Lamulo la Florida likuti azidinde ndi apolisi kapena ofesi ya sheriff (mkulu wa apolisi a m'deralo), nthambi yopereka malaisensi ya dipatimentiyi, kapena tax collector wololedwa. Kukadinditsa ku sitolo kapena kudzidinda nokha kunyumba ndi kutaya nthawi. Kumene kuli makina a galasi sankhani makinawo, chifukwa amasonyeza pomwepo chidindo chikalakwika, pamene cha inki chimakadziwikira kutsogolo kuti sichikuwerengeka. Sungani lisiti limene akupatsani, ndipo mukadinda musagoneke fomu m'kabati.

4. Ngati ndi khadi la inki, lembani mosamala

Lembani ndi cholembera chakuda, zilembo zazikulu. Dzina likhale ndendende ngati la pa chiphaso chanu, kuyamba ndi la bambo. Pali mbuna ziwiri zimene ife ozolowera za kwathu timagweramo. Yoyamba ndi deti: Amereka amayamba ndi mwezi, kenaka tsiku, ndiye wobadwa pa 4 September 1985 amalemba 09/04/1985. Mukalemba mwa chikwathu, pa khadi mwasanduka munthu wobadwa mu April. Yachiwiri ndi miyezo: msinkhu amalemba m'mafiti ndi mainchesi, kulemera m'mapaundi, osati mamita ndi makilogalamu.

Sainani pamaso pa wodindayo, ndipo onetsetsani kuti nayenso wasaina n'kulemba deti. Ngati chala china chinaduka, iye alembe zimenezo m'bokosi la chalacho, lisangosiyidwa lopanda kanthu. Khadi musalipinde kapena kuliboola ndi sitepula. Liikeni mu envulopu yaikulu inki itauma.

5. Chithunzi

Izi zikukhudza amene sakupita ku ofesi, monga otumiza pa positi. Chithunzi chikhale chamitundu, choonetsa nkhope yonse mutayang'ana kutsogolo, chojambulidwa m'masiku 30 apitawo. Chotsala cha pasipoti ya chaka chatha chija, ngakhale munatulukapo bwino bwanji, chisiyeni mu alubamu. Lamulo linafika potchula kukula kwa mutu pachithunzipo: kuphatikizapo tsitsi, ukhale 7/8 ya inchi m'lifupi ndi inchi 1 ndi 1/8 m'litali, womwe ndi pafupifupi mamilimita 22 ndi 29. Musavutike ndi lula. Pitani ku masitolo a mankhwala a Walgreens ndi CVS, kapena ku positi ofesi imene imajambula, mukanene kuti mukufuna chithunzi cha pasipoti, cha mainchesi 2 mbali zonse.

Vulani chipewa ndi magalasi a dzuwa. Magalasi a maso nawonso ndi bwino kuvula, chifukwa amanyezimira n'kubisa maso. Kumbuyo kwanu kukhale koyera kopanda zithunzithunzi, ndipo musavale malaya oyera, mungasowe mapewa.

Pali china chimene mapepala a boma sanena, koma ife akhungu lakuda timachidziwa. Kamera ikaona chinsalu choyera kumbuyo imachepetsa kuwala, ndiye nkhope imatuluka bii, maso ndi mphuno osaoneka bwino. Musalipire musanachione chithunzicho. Ngati nkhope yada kwambiri, kapena pachipumi pakuwala ngati mwadzola mafuta ophikira, pemphani ajambulenso kuwala kukuchokera kutsogolo. Si mwano, ndi ndalama zanu. Ndipo musayese kuchikonza pa foni ndi zoyeretsa khungu zija, chifukwa chithunzi chimenechi n'chimene wapolisi adzayerekeze ndi nkhope yanu pamsewu.

6. Zala zikakanidwa

Zidindo zanu zimapita ku Florida Department of Law Enforcement ndi ku FBI kuti akaone ngati muli ndi mbiri ya milandu. Dipatimenti ili ndi masiku 90 oti iyankhe kuchokera pamene yalandira zonse zofunika, choncho chinthu chimodzi chikaperewera ndinu amene mwadzitalikitsira ulendo. Mukalandira kalata yoti zala sizikuwerengeka, musaganize kuti akukanizani laisensi. Bwererani pa sitepe yachiwiri ija, samalani manja kwa sabata kapena awiri, mukadindenso motsatira zimene kalatayo yanena, ndipo muuzeni wodindayo kuti koyamba zinakanika kuti achite mofatsa. Zikakanikanso kachiwiri, lamulo limalola dipatimenti kugamula pofufuza dzina lanu m'malo mwa zala. Apa m'pamene dzina lolembedwa molondola ndi deti lobadwa losatembenuza lija zimagwira ntchito.