Mkangano ukabuka mu kopaletivi, musathamangire kuvota

Apampando ambiri a makopaletivi kuno ku Chipata timadziwa njira ziwiri zothetsera mkangano. Ina ndi kukweza manja: ambiri apambana, ochepa abwerera kwawo akung'ung'udza, chaka chamawa chimanga chawo akagulitsa kwa ogula a m'mbali mwa msewu. Ina ndi kugawa pakati, aliyense atayeko pang'ono. Mary Parker Follett, mayi wa ku Massachusetts ku America amene anabadwa mu 1868 n'kumwalira mu 1933, ankaona kuti njira ziwirizi zimangogoneka mkangano, mawa udzukanso. Mu 1925 anafotokozera oyendetsa makampani njira yachitatu: kupeza chimene mbali iliyonse ikufunadi, n'kukonza zinthu kuti onse achipeze. Peter Drucker, katswiri wolemba za kayendetsedwe ka makampani, anadzamutcha mneneri wa kayendetsedwe ka ntchito, koma chitsanzo chimene mayiyu anapereka ndi cha alimi anzathu. Bungwe la alimi a mkaka linatsala pang'ono kupasuka polimbirana kuti ayambe kutsitsa zigubu ndani, otsika phiri kapena okwera. Mapeto ake anangosuntha potsitsira kuti onse azitsitsa nthawi imodzi.

Yambani msonkhano usanaitanidwe. Pitani kwa mbali iliyonse payokha, kudimba kapena pakhonde, chifukwa pagulu munthu amateteza mawu amene wanena kale. Mukafunsa kuti akufuna chiyani, adzakuuzani chigamulo chawo. Funsaninso kuti chikapanda kutero chiwonongeke n'chiyani. Pamenepo ndiye pamatuluka nkhani yeniyeni.

Kwathu pa shedi, a ngolo ndi a njinga ankakangana pa sikelo nyengo iliyonse yogulitsa. A ngolo ankati tiyambe ndife, tinalawira. A njinga ndi amayi osenza pamutu ankati thumba limodzi lingadikire bwanji matumba 20. Titafunsitsa, bambo wina anati, "A Cheya, ine mzere ndilibe nawo kanthu, koma ng'ombe zili m'goli kuyambira m'bandakucha, sizinamwe." Amayi nawo ankaganiza za ana ochokera kusukulu opeza pamoto pali zii. Tsopano ngolo ikafika imatsitsa pamthunzi, mlembi amawerenga matumba n'kulemba dzina ndi makala, mnyamata amabwerera nazo ng'ombe. Sikelo imayamba ndi a matumba ochepa. Sitinawonongepo ngwee.

Pamsonkhano lembani zosowazo pa bolodi popanda mayina, ndipo njira yake musaibweretse mutaiphika kale. Ngakhale mukuiona, khalani chete pang'ono kuti ituluke m'kamwa mwa membala. Zimapweteka, makamaka kwa ife okonda kuyamikiridwa, koma njira imene anthu aipeza okha amailondera okha.

Follett ankanenanso kuti lamulo lizichokera pa mmene zinthu zilili, osati pa mpando wa wolamula. Chimanga chikabwera chosauma, musanene kuti "sitilandira". Itanani mwiniwake aime pambali panu, muyeze chinyezi pamodzi, awerenge yekha nambala. Akudziwa kale kuti a FRA, bungwe la boma logula chimanga, amafuna chinyezi chosapitirira 12.5 peresenti. Akaona 15, amafunsa yekha kuti ayanike masiku angati, ndipo simunakhale mdani wake. Chimodzimodzi ndi nshawa zoti zachita chuku: mutsegulireni thumba aone ndi maso.

Pali nkhani zina zimene njirayi siigwira, ndipo Follett mwiniwake anavomereza zimenezo. Matumba a feteleza akachepa kuposa mamembala, palibe nzeru imene ingawachulukitse. Apo gawanani kapena votani, koma muyambe mwagwirizana muyezo wogawira mayina asanatchulidwe, mlembi aulembe m'buku, onse asaine. Ikakhala nkhani ya malire a munda, imeneyo si ya komiti, itengereni kwa a mfumu.