Kulemba si ntchito ya mphunzitsi wa Chingerezi yekha

Monga mlangizi wa zamaphunziro, teremu ino ndayendera masukulu angapo kuchokera ku Namwera mpaka ku Malindi, ndipo ndikafika ndimayamba ndi makope a ana. Zomwe ndaona m'makope a zaulimi ndi sayansi zandiwawa mtima. Masamba onse ndi manotsi okopera pa bolodi, mawu a mphunzitsi ndendende, moti pomwe iye anaphonya chilembo kalasi yonse yaphonyanso pomwepo. Chiganizo choti mwana wachipanga yekha, ngakhale chimodzi, mulibe.

Ndikafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Zolembalemba ndi za a Chingerezi ndi a Chichewa, ife tikuthamangitsa silabasi." Aphunzitsi anzanga, mawu amenewa atikwana. Ana athu ambiri kuno amayankhula Chiyao kunyumba, Chichewa chimabwera chachiwiri, Chingerezi chachitatu. Mphunzitsi mmodzi, periyodi imodzi patsiku, angausenze yekha mtolo umenewu? Mayeso a MANEB, kupatula Chichewa, amabwera m'Chingerezi, ndipo pa MSCE mwana amafunsidwa kufotokoza m'ndime zathunthu. Mwana wa m'mbali mwa nyanja amadziwa bwino kuyanika usipa pathandala, koma mufunseni alembe za kasungidwe ka nsomba, akupatsani mawu awiri basi. Mutu uli nazo, dzanja silinazolowere. Malikisi amathera pamenepo, ife n'kumati anawa ndi aulesi.

Bambo wina wolima chimanga ku Katuli anandiimitsa pamsewu. Mwana wake wa Fomu 2 anapatsidwa pepala kuti alembere kalabu yawo kalata yopita kwa alangizi a zaulimi. Mwanayo anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, atangolemba deti ndi moni. "A mlangizi," anatero bamboyo, "ndimagulitsa thumba la chimanga kuti ndigule makope, nanga m'makopemo amalembamo chiyani?" Ndinasowa poyang'ana.

Chochita sichovuta. Khalani pansi nonse kamodzi pasabata ziwiri, aliyense atanyamula makope asanu, muone pomwe ana akupunthwa. Gwirizanani chinthu chimodzi, mwina chiganizo chathunthu chokhala ndi "chifukwa", ndipo aliyense azichifuna m'phunziro lake, wa masamu yemwe. Mphindi zisanu zomaliza ana azilemba ziganizo zitatu m'mawu awoawo, bolodi litafufutidwa. Kalasi ikakhala yodzadza chongani mzere umodzi lero, wina mawa. Ahedi, patulani nthawiyo pa ndandanda, ndipo makopewo mubwere nawo ku TDC, malo osulirako aphunzitsi, pamsonkhano wa zoni.