Mmene ndinathetsera kunjanja kwa Corolla yanga

Galimoto inkangodumphadumpha ndikadutsa pa bampu, ndipo ndikaponda mabuleki mphuno yake inkagwada pansi. Nditaikankha ndi manja pakona yakutsogolo, inagwedera katatu isanaime. Nditasuzumira, ma strut (zitsulo zoletsa galimoto kudumphadumpha) onse awiri akutsogolo anali atanyowa mafuta, fumbi litamatirira. Anali atangokalamba basi.

Ndinagula zatsopano za mtundu wa Bilstein B6, za gasi, zolimba kuposa zimene galimoto imabwera nazo koma sizisintha kutalika kwake. Ndinasintha zonse zinayi, chifukwa kusintha mbali imodzi yokha kumapendamitsa kayendedwe.

Kutsogolo n'kumene kunali ntchito. Sipuling'i ya pa strut imakhala yopanikizika kwambiri, moti osamasula nati yapamwamba musanaigwire ndi spring compressor, chida chopanira sipuling'i. Ikhoza kukuthyolani dzanja. Ma mounting apamwamba, omangirira strut ku thupi la galimoto, ndinaikanso atsopano.

Kulakwitsa kwanga: ndinamanga mabawuti a kumbuyo galimoto ili pa jeke, mabushi (timphira ta m'malo olumikizira zitsulo) n'kuyamba kulira. Ndinawamasula, kuitsitsa pansi, n'kumanganso itakhala pa matayala. Phokoso zii. Kenako ndinakachititsa alignment, kuwongola matayala.

Pa msewu wafumbi imagunda pang'ono, ndivomere, koma pokhota siyendanso chopendekera.