Momwe bungwe lingapemphere khonsolo ya mzinda kuti lipeze ndalama za mabondi zomangira likulu ku Minnesota

Boma la chigawo cha Minnesota, ku America, limakongola ndalama pogulitsa mabondi, zomwe ndi zikalata za ngongole, kuti limange misewu, makoleji ndi nyumba zina. Mabungwe omwe si aboma amazifuna ndalamazi, koma malamulo aakulu a chigawochi, mu Article XI, amati zimangire katundu wa boma kapena wa makhonsolo basi. Choncho bungwe lofuna likulu latsopano liyenera kupeza khonsolo ya mzinda yovomera kukhala mwini nyumbayo.

Choyamba, akomiti ya bungwe lanu amvetse izi asanasaine chilichonse: nyumbayo sidzakhala yanu. Khonsolo ndiyo imakhala mwini malo, kapena imawabwereka kwa nthawi yaitali, kenaka n'kukubwereketsani nyumbayo pa mgwirizano wolembedwa motsatira lamulo 16A.695. Mgwirizanowo umakhala waufupi kwambiri poyerekeza ndi zaka zomwe nyumbayo ingakhale, ngakhale umatha kuwonjezeredwa. Pa chikalata cha malo amalembapo chiletso, moti nyumbayo singagulitsidwe kapena kukhala chikole ku banki popanda chilolezo cha ofesi ya zachuma ya Minnesota Management and Budget, yomwe ambiri amangoti MMB. Apa m'pamene mabungwe ambiri amapunthwa: banki yomwe imati ikukongozeni gawo lotsala la ndalama zomangira ikamva za chiletsochi imayamba kudodoma. Kambiranani nayo msanga.

Chachiwiri, konzani pulani yoyambirira ndi mtengo wake. Muwerengeremo malipiro a amisiri omwe lamulo limakhazikitsa pa ntchito za boma, komanso malangizo a B3 osamalira magetsi ndi chilengedwe. Ziwirizi zimakweza mtengo. Mabondi salipira malipiro a antchito anu kapena mabilu a mwezi ndi mwezi, ndiye musawaphatikize.

Kenaka pitani ku khonsolo, koma yambirani kwa ogwira ntchito m'maofesi a zachuma ndi achitukuko, osati kwa ameya. Iwowa ndiwo amalembera makhansala malangizo. Funso lawo limakhala limodzi: bungwe likagwa, mtolo udzatsalira ndani? Yankho ndi khonsolo, pakuti ndiyo imasaina ndi boma. Tengani malipoti a owerengera ndalama a zaka zapitazi, bajeti yoyendetsera nyumbayo, ndi lonjezo lolemba kuti ndalama za maloya ndi zina zomwe khonsolo idzawononge mudzabweza ndinu. Chomwe mukufuna ndi chikalata chovomereza chomwe makhansala avotera. Dziwaninso kuti mzinda umasanja zopempha zake motsatira kufunika kwake, ndipo likulu lanu likupikisana ndi mapaipi a madzi ndi milatho.

Nthawi ndi yofunika. Makhonsolo amatumiza zopempha ku MMB kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse, mu June wa chaka ngati 2025 kapena 2027, ndipo bwanamkubwa amapereka maganizo ake mu Januwale wa chaka chotsatira. Pezani phungu m'nyumba zonse ziwiri za malamulo ku Saint Paul, likulu la chigawochi, woti apereke bilu yanu, makamaka a zipani zosiyana, chifukwa bilu ya mabondi imafuna mavoti atatu mwa asanu alionse m'nyumba iliyonse. Mu 2023 anavomereza ndalama zokwana madola 2.6 biliyoni, ndipo mabungwe ambiri analandira kuchokera ku thumba la msonkho osati ku mabondi, njira yosafuna kuti khonsolo ikhale mwini nyumba. Mu 2024 bilu sinadutse n'komwe. Funsani phungu wanu njira yomwe ili yotseguka chaka chimenecho.

Bilu ikadutsa musathamangire kukumba maziko. Kawirikawiri boma limapereka theka la mtengo kapena kucheperapo, ndipo silitulutsa kalikonse mpaka mutasonyeza kuti ndalama zonse zomalizira nyumbayo zapezeka. Malonjezo apakamwa a opereka thandizo sawerengedwa. Ndalamazo zimabwera mochita kubweza zomwe mwagwiritsa kale ntchito, ndiye mukhale ndi zoyambira. Zikakhala pafupifupi zaka 4 osagwiritsidwa ntchito, lamulo 16A.642 limalola kuti zilandidwe, ndipo kuti nthawiyo iwonjezeredwe muyenera kubwereranso kwa aphungu.